Buku Lothera pa "Ata-"

Bukulo linalibe chikuto. Wina analikutira ndi pepala la thumba la simenti n'kulisoka ndi ulusi wakuda wolukira tsitsi, moti mpaka lero sindidziwa dzina lake, kapena la amene analilemba. Linkanunkhira sopo wochapira chifukwa linkagona m'katoni ya sopo pamodzi ndi anzake, ndipo m'mphepete mwa masamba ake munali mutafewa ngati kolala ya malaya akale. Ndinalitenga tsiku lina Lachisanu, kuzizira kutangoyamba, ndili Sitandade 6. Chinali chaka chimene mtedza unabereka kwambiri kwathu, koma pakhomo panalibe mwamuna woti aukweze pa njinga.

Katoniyo inali ya aphunzitsi athu. Iwo sanali a kuno ku Mchinji. Boma linawatumiza kuchokera kummwera, ndipo ankalankhula Chichewa chokoka chimene tinkachiyerekeza akangotembenukira ku bolodi. Anali mayi wamtali, wochepa thupi, wosavula duku kumutu, wovala juzi ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Atangofika ankapalasa njinga kupita ku Misa ku Guilleme, koma chaka chimenecho njingayo inkangotsamira khoma, matayala ataphwa. Mabuku a m'katonimo anali awoawo, osati a sukulu. Lachisanu lililonse mnyamata mmodzi ankaisenza kuchoka kunyumba kwawo, ndipo aliyense wobweza buku ankayenera kuima kutsogolo n'kuyankha mafunso awiri.

"Wawerenga chiyani? Nanga iwe ukuti bwanji?"

Loyambalo linali losavuta. Lachiwirilo linkatitulutsa thukuta mu Juni. Kwathu mwana safunsidwa maganizo, amafunsidwa ngati watunga madzi. Tsono tonse tinapeza yankho limodzi lobisalamo: bukuli ndi labwino, likutiphunzitsa kumvera makolo. Mnyamata wina ananena zimenezo za buku la kaweta njuchi. Aphunzitsi anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo atapeza mpweya anati sanapemphe ulaliki, ulaliki aumva Lamulungu. Ankafuna umuuze munthu wa m'bukumo amene wakukwiyitsa, malo amene unagona tulo, ndi pamene wolembayo wanama. Ife tinali tisanamvepo kuti chinthu chodindidwa chingathe kunama. Ankatiletsanso kusuzumira kumapeto, ankati kumeneko ndi kuba ndiwo mumphika.

Masiku ano ndili pa gulu la pa foni la anthu okonda kuwerenga, ndipo mwezi uliwonse timauzana zimene tawerenga. Wina amalemba kuti bukuli ndi bho, n'kuikapo kachithunzi ka moto, basi wamaliza. Wina amati silinamugwire mtima, ngati akunena za ndiwo zosalowa mchere. Ine zimandinyansa, ndipo anzanga amandidziwa kuti ndine wovuta pa nkhani imeneyi. Sindiwauza chifukwa chake. Ndinaona ndi maso angawa maganizo a munthu mmodzi pa buku limodzi akugamula za banja lathu.

Abambo ankachita malonda a pamalire. Popita ankanyamula shuga, pobwera zitenje, zonse pa njinga kudzera njira zachidule za m'minda. Tsiku lina anachoka n'kunena kuti afika ku Chipata kokha, tisadandaule. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, n'kuthanso. Uthenga unkabwera wa pakamwa basi. Ena ankati anawaona pamsika ku Lusaka atanenepa, ena ankati kuli mayi wina amene akuwaphikira. Amayi akamva zimenezo ankangoti anthu salephera kulankhula, n'kupitiriza zimene akuchita.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, ndiwo anatopa. Iwo anali mwini mbumba komanso nkhoswe ya ukwatiwo, munthu wa miyendo yopyapyala ndi zala zachikasu chifukwa cha chingambwe chimene ankapichira m'mapepala a makope anga akale. Sanali munthu woipa. Denga la nyumba yathu ankafolera ndi iwo, ndipo msana wawo unali utayamba kukana. Tsiku limene tinamaliza kuthothola mtedza anakhala pa mtondo wogubuduza n'kulankhula ine ndili pomwepo.

"Mlongo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mtedzawu mukatha kuswa ndikufuna yankho, ndipite kwa ankhoswe akuchimuna tikamusudzule munthuyu mvula isanayambe."

Ndinali wamng'ono, koma mawu akuti kusudzula ndinkawadziwa. Abambo anali mkamwini m'mudzi mwathu. Akasudzulidwa, nyumba ija siyawonso, munda si wawonso, ndipo ngakhale atabwera mawa lake angakhale mlendo wopatsidwa mpando panja. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayang'ana mulu wa mtedza uja m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ndipo ukatsika mtima wanga unkatsika nawo.

Bukulo sindinalisankhe dala. Linali lonenepa kuposa onse, ndipo ine ndinkafuna chondichotsa pa ntchito. Ndikukumbukira kuti nditalitulutsa m'katoni aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kundilanda, kenaka anangoti tenga.

Mtedza tinkaswera kuseri kwa nyumba, kumene mphepo sinkafika. Amayi ankayala mkeka, kuwaza timadzi pa mtedzawo kuti makoko afewe, kenaka kumangomveka thyo, thyo, thyo mpaka dzuwa kupendeka. Chala chachikulu chinkayamba kufiira, kenaka kuchita thuza, kenaka kuuma ngati chikopa. Fumbi la makoko linkalowa m'mphuno, milomo n'kuchita mbuu. Tsiku loyamba ndinabisa bukulo pamiyendo, dzanja limodzi likuswa. Amayi anandiona n'kunena kuti ndisiye kugwedeza milomo ngati mbuzi yobzikula, ngati muli nkhani ndiwerenge mokweza nawonso amve. Iwo anasiyira Sitandade 2, ndipo chimene ankatha kuwerenga bwinobwino ndi nambala za nyimbo kutchalitchi.

Nkhani yake inali ya mwamuna amene anasiya mkazi wake kumudzi n'kukwera sitima kupita kumigodi yakutali, atalonjeza kuti abwera akakolola. Nditangowerenga masamba ochepa ndinafuna kusiya. Ndinakweza maso, koma amayi sanandiyang'ane, anangoti pitiriza.

Pasanathe mlungu azimayi oyandikana nafe anayamba kubwera ndi malichero awo, amvekere tabwera kudzathandiza kuswa. Ndinachita mantha kuti manja akachuluka mtedza utha msanga. Koma ndinazindikira kanthu. Nkhani ikafika potentha manja onse ankaima, mtedza uli pakati pa zala. Ndiye ndinaphunzira kuwerenga mokoka, kusintha mawu, kulira pamene mkazi akulira, kubwereza tsamba ndikanamizira kuti ndasokoneza. Ndinkawerenga kuti mulu uja usatsike.

Ndikatseka buku, mlandu unkayamba. Azimayi amene sakanayankha funso la aphunzitsi lija ngakhale utawagwira pakhosi, apa maganizo anali tho. Wina ankati mkazi wa m'bukuyo ndi wopusa, ubwino wake ukuthera pa kudikira. Wina ankati mwamunayo anamudyetsa kondaine kumigodiko, si iye ayi. Wina ankati kudikira si vuto, vuto ndi kudikira munthu wosatumiza ngakhale kasopo. Onse ankalankhula akuyang'ana m'malichero mwawo. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati bukulo lawakomera basi. Pano ndikudziwa kuti m'mudzi monse munalibe amene akanalimba mtima kuwauza amayi zimenezo pamaso, ndipo bukulo linawabwereka pakamwa.

Amayi okha ndiwo ankaikira kumbuyo mwamunayo. Ankati wolembayo akumupondereza, sakutiuza zimene akukumana nazo kumeneko. Munthu sangoiwala kwawo. Tsiku lina mkangano utakula anakweza mawu pang'ono.

"Inu, mwina njinga yake inawonongeka. Mukudziwa bwanji?"

Mwamuna wa m'bukuyo analibe njinga. Tonse tinkadziwa kuti anapita pa sitima. Aliyense anaweramira lichero lake n'kuyambanso kuswa.

Amalume nawo anayamba kumadutsa nthawi yomweyo, ngati mwangozi. Ankaima chapatali n'kumapichira fodya wawo, khutu lili kuno. Maganizo awo anali akuti wolembayo akuwononga mapepala, nkhani ngati imeneyo ankhoswe amaimaliza tsiku limodzi dzuwa lisanafike pamutu. Kangapo konse anandidula pakati n'kufunsa ngati mkaziyo alibe achimwene ake. Nditati bukulo silinanene, anati n'chifukwa chake akuvutika.

Mulu unali utatsala wofika m'mawondo mwanga tsiku limene tinafika kumapeto. M'nkhanimo mwamuna uja anali atanyamuka kumigodi, zaka zitapita, ndipo tsopano anali panjira ya kumudzi kwawo. Palibe dzanja limene linkaswa. Mzere womaliza ndimaukumbukira wonse, chifukwa ndinaubwereza kambirimbiri pambuyo pake: "Anatula katundu pansi pa mtengo wa mango, napukuta thukuta, nalowa pabwalo, ndipo anapeza mkazi wake ata-"

Tsambalo linathera pomwepo, pa kamzere kodula mawu. Ndinatembenuza ndipo ndinakumana ndi pepala la simenti. Pa ulusi paja panatsala tizidutswa tokhatokha ta masamba ong'ambidwa.

Amayi anafunsa kuti atatani. Ndinawaonetsa bukulo ngati iwo angaone zimene ine sindikuona. Kenaka aliyense anayamba kumalizitsa yekha. Amalume anati atakwatiwa, palibenso china. Mayi wina anati atamwalira, mabuku amakonda zimenezo. Wina anati atasamuka, wina atapenga. Chichewa chathuchi n'choopsa, pa zilembo zitatu zimenezo pankakwana chilichonse. Amayi okha sanaponyepo lawo.

Sindikudziwa amene anayamba, koma maso onse anatembenukira kwa amalume, amene anali ndi ndudu pakamwa. Iwo analumbira kuti sanalikhudze, pepala la buku n'lokhuthala ndipo inki yake imatsokomoletsa, wosuta aliyense akudziwa. Azimayi anaseka n'kunena kuti mwadziwa bwanji ngati simunalawe. Ine sindinaseke. Ndinalira, n'kuwauza kuti asuta dala kuti munthu uja asafike kwawo. Amayi ananditsina pantchafu, ndipo amalume anachoka osatsanzika.

Lachisanu ndinapita kusukulu ndikudziwa kuti buku la eni lawonongekera m'manja mwathu. Dzina langa litaitanidwa ndinaima kutsogolo n'kufotokoza nkhani yonse, mpaka pa "ata-" paja, ndipo ndinanena motsitsa kuti masamba ena kulibe. Ndinadikira ndodo. Aphunzitsi sanafunse n'komwe kuti apita kuti. Anangofunsa funso lawo la masiku onse, kuti nanga iwe ukuti bwanji.

Aka kanali koyamba kuyankha funso limenelo osabisala. Ndinati anapeza mkazi wake atakhala pakhonde, pabwalo patasesedwa, akumudikira. Ndinati ngati linatha mwina, ndiye kuti wolembayo ndi wankhanza ndipo bukulo ndi lachabe. Anzanga onse ankadziwa za abambo. Aphunzitsi anatsegula pakamwa, chifuwa n'kuwagwira, ndipo atatha kutsokomola anangoti ndikakhale pansi. Bukulo anati ndibwerere nalo kunyumba, sanalifune msanga.

Lamulungu masana amayi anavala chitenje chawo chatsopano, chomaliza chimene abambo anabweretsa, n'kudzaza lichero ndi mtedza wosankha. Anati tikapepese kwa madamu. Panjira ankayenda mofulumira ngati munthu wopita kuchipatala, ndipo ine ndinkachita kuthamangira. Ndikuganiza kuti kupepesako kunali chifukwa chongopezera njira.

Nyumba za aphunzitsi zinali kuseri kwa bwalo la mpira. Tinaodira kangapo asanatsegule. M'katimo munali mdima, mazenera otseka, fungo la kamfa ndi phala lozizira. Katoni ija inali pakona. Amayi anakana mpando, anakhala pansi miyendo atatambasula, n'kuyamba kufotokoza kuti mchimwene wawo ali ndi vuto la fodya, sasiyanitsa pepala, ndipo ngati pali cholipira anene. Aphunzitsi anawasiya mpaka amalize.

"Achimwene anu musawanamizire, mayi. Masamba amenewo ndinang'amba ndine, n'kusonkhera moto."

Ndinayang'ana amayi kuti ndione ngati ndamva bwino. Munthu amene ankatikalipira tikapinda ngodya ya tsamba! Koma amayi sanaoneke odabwa ndi zimenezo. Anasendera pafupi n'kufunsa chimene anabwerera.

"Nanga linatha bwanji, madamu?"

Aphunzitsi anafotokoza pang'onopang'ono, akupuma pakati. Mwamunayo anapeza mkazi wake atakhala pakhonde. Mkaziyo anagwada, analandira katundu, anapha nkhuku, n'kumutsegulira chitseko cha kuchipinda osafunsa kanthu, ndipo wolembayo anatseka ndi mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinalondola! Ndinafuna kuwagwira amayi dzanja kuti mwamva, koma aphunzitsi anali asanamalize. Anati bukulo analiwerenga koyamba ali mtsikana ku koleji, analikonda kuposa onse, ankalibwereketsa kwa mnzake aliyense, ndipo mapeto akewo ankatha kuwanena pamtima. Amuna awo atapita ku Joni n'kukhalitsa, iwo ankaliwerenga kuti alimbe mtima. Tsiku limene anabwera, anachita zonse monga mkazi uja, mpaka nkhuku yomwe.

"Tinawaika chaka chatha. Kamwana kathu komaliza kanatsatira. Wolembayu anasiyira pa nkhuku, mayi, mutu wotsatira sanaulembe. Mutu wotsatirawo ndi ine."

Atatero anamasula duku. Tsitsi lawo linali lapatalipatali, lofiirira, lofewa ngati la khanda, khungu la pamutu likuonekera. Amayi anayang'ana kamodzi n'kugwetsa maso pansi. Kenaka anafunsa kuti nanga bwanji osangolitaya lonse bukulo. Aphunzitsi anamwetulira n'kunena kuti kwina konseko n'kokoma, amalikondabe, kulitaya sangathe, koma sangathenso kulipereka lathunthu kwa mwana wamkazi.

Pobwerera amayi ankayenda pang'onopang'ono, lichero lopanda kanthu lili m'khwapa. Ine ndinkalankhula ndekha njira yonse, kuti mwaona, anamulandira, amalume ananama, ndikawauza azimayi onse. Titafika pa chitsime anaima n'kundiuza kuti zimene ndamva kumeneko zitsale komweko, ndisauze munthu. Ndinasunga. Amalume anakalamba mpaka kumwalira anthu akuwatchabe wosuta mabuku, ndipo ankangoseka nawo, ngakhale ndikudziwa kuti zinkawapweteka.

Mtedza unatha mlungu wotsatira. Panalibenso chowerenga, ndipo manja sankaimanso. Amayi anasesa makoko, anamanga matumba, kenaka anandituma kukaitana amalume. Ndinapita ndikudumphadumpha, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti akawauza kuti adikirabe, poti ngakhale buku lanena. Amalume atakhala pa mtondo paja, amayi analankhula mawu ochepa kwambiri.

"Achimwene, pitani kwa ankhoswe."

Ndinasiya kudya masiku angapo. Amalume ndinawakwiyira, aphunzitsi ndinadana nawo. Ndinabweza buku lija osanena kanthu, ndipo Lachisanu lililonse ndinabwerera ku yankho lathu lakale lija la kumvera makolo, dala, ndikuwayang'ana m'maso. Iwo sanandikakamize. Mayeso a chaka asanafike anasiya kubwera m'kalasi, ndipo tsiku lina lole inabwera kudzawatenga kupita kwawo kummwera, atagona pa matiresi kumbuyo. Katoni anaisiyira sukulu. Uthenga wa maliro awo unatipeza chimanga chili m'mawondo.

Nthawi imeneyo dzina la Edzi silinkatchulidwa m'mudzi mwathu. Ankangoti matendawa, n'kutsitsa mawu. Za mankhwala tinkangomva kuti aliko ku tauni, kwa anthu odziwika. Lero mnzanga wa kuntchito amamwa kam'bulu kake tsiku ndi tsiku, n'kumakalipira zidzukulu ngati wina aliyense, ndipo ndikamuona ndimakondwa, kenaka ndimapsa mtima. Zaka zochepa zokha zikanasintha zonse. Aphunzitsi akanakhalapo, abambo akanakhalapo, ndipo buku lija likanatsala ndi masamba ake.

Abambo anabweradi chaka chomwecho, atasudzulidwa kale iwo osadziwa. Anali akudwala. Anakakhala kwa amayi awo ku Dambe, ndipo amayi anga ankayenda ulendo wonsewo wapansi kukawapatsa phala la nsinjiro, kuwachapira, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Ine ankanditenga Loweruka lokha. Abambo anamwalira mvula isanathe, m'nyumba ya eni, pa mphasa imene sanagule ndi iwo.

Za aphunzitsi aja mtima wanga sunagwirizane mpaka pano. Aphunzitsiwo sankawadziwa abambo, sanawaonepo n'kamodzi komwe. Anawaweruza ndi mlandu wa mwamuna wina, ndipo kuti zinapezeka zoona sizitanthauza kuti iwo ankadziwa. Munthu amene ankatiphunzitsa kuti tizinena tokha maganizo athu ndi yemweyo anatibisira mapeto poopa kuti tiwakonda. Nthawi zina ndimati analakwa. Ndiye ndimapita kumudzi, n'kupeza amayi ali moyo, imvi zili mbuu, akukangana ndi ana anga za wailesi, ndipo mawu amandithera. Ndinawafunsapo kamodzi, ndili wamkulu kale, kuti iwo buku lija analiona bwanji. Anaganiza kaye, ngati mwana wa Sitandade 6 ataima kutsogolo. Kenaka anati linali labwino, koma mkazi uja analibe mnzake womuuza.

Tsiku limene abambo anafika ndimalikumbukira kuposa maliro awo. Kunali kotentha, mitambo itayamba kusonkhana chakumadzulo, mango ali ang'onoang'ono. Chiyambire tsiku la kwa aphunzitsi lija ndinkasesa pabwalo m'mawa uliwonse osatumidwa, ngakhale nkhani ya ankhoswe itatha, chifukwa ndinkakhulupirira kuti zimene zinalembedwa ziyenera kuchitika, masamba apse asapse. M'mawa umenewo amayi anali atazira m'nyumba, ndipo dothi linali lisanaumitsitse. Masana anakhala pakhonde n'kumaswa mtedza wambewu.

Ndinaona munthu akubwera wapansi kudzera kumunda, wopanda njinga, chikwama cha mizeremizere chili paphewa. Buluku linali lomangidwa ndi chingwe m'chiuno, ndipo khosi la malaya linkaoneka lalikulu. Sindinawazindikire mpaka atalankhula, ndi moni wa kutsidya uja amene ankatiseketsa naye kale.

"Mwachoma bwanji kuno?"

Amayi anaika lichero pansi. Anayankha kuti taswera bwino kaya inu, mwaulemu wonse, monga amayankhira munthu wodutsa. Analowa m'nyumba, anatulutsa mpando n'kukauika pansi pa mtengo, osati pakhonde. Anabweretsa madzi m'kapu imene tinkasungira alendo, ndipo powapatsa anagwada, ena n'kutayikira pafumbi.

Ine zimenezo sindinaziwerengere. Ndinkangoona kuti zonse zili m'malo mwake: pabwalo posesa, amayi pakhonde, ngakhale mtengo wa mango unalipo. Chinatsala ndi nkhuku yokha, ndipo ndinali nditasankha kale yoti tigwire. Ndinathamanga, ndinawakumbatira abambo m'chiuno, ndinamva mafupa, ndipo ndinaganiza kuti ndi ulendo wawaondetsa. Kenaka ndinanyamula chikwama chija ndi manja awiri kulunjika pakhomo, kuti ndikachiike kuchipinda kumene chinkakhala kale.

Ndili pa chitseko penipeni amayi anandiitana, osakweza mawu.

"Chisiye pomwepo chikwamacho."

Abambo anayang'ana amayi, kenaka anayang'ana m'kapu. Ine ndinachitula pakhonde n'kuima pambali pake, ndikumwetulirabe. Ndinkaganiza kuti amayi akuopa kuti ndiponda pozira, ndipo ndinkangodikira kuti dothi liume.